Ahedi, Mpeni ndi Aisi wa m'Firiji

Pa mudzi wina wa m'boma la Katete, kufupi ndi mseu waukulu wocokera ku Lusaka kupita ku Chipata, pakhala mkulu wina amene anaphunzitsa ana zaka zambiri. Ngakhale anapuma nchito kale-kale, anthu onse a kumeneko awachulabe kuti Ahedi, pakuti anatsiriza nchito yao ali mkulu wa sukulu. Iwo ndi munthu wodziwa kugwiritsa nchito manja ao. Njinga ikathyoka sipoko, khasu likaguluka, kapena ngolo ikasweka gudumu, sanali kuitana mmisiri iai. Anali kukonda kunena kuti cipangizo ciri conse cimvera munthu amene acigwira molimba. Mau amenewa anawathandiza pa zinthu zambiri, koma pa nkhani ya firiji anawagwetsa m'mabvuto akulu, kotero kuti moyo wa akazi ao ndi mtendere wa pa banja lao zinatsala pang'ono kuonongeka.

Firijiyo sinabwere pakhomo pao monga cinthu codzionetsera. Akazi a Ahedi adwala matenda a shuga, ndipo alasidwa nyeleti ya insulini tsiku ndi tsiku. Mankhwala amenewa, pamene botolo lake lisanayambe kugwiritsidwa nchito, afunika kusungidwa pa malo ozizira, pakati pa madigiri 2 ndi 8. Pamene Boma linakoka nthambo za magetsi kupita ku sukulu ndi ku kiliniki ya m'deralo, nyumba ya Ahedi inali imodzi mwa zoyamba kulandira magetsiwo. Mwana wao wamwamuna, amene agwira nchito ku Kitwe, atamva zimenezi anagula firiji ya citseko cimodzi, yokhala ndi kacipinda ka citsulo pamwamba koumitsiramo nyama, naitumiza pa lole. Anatumizanso mkazi wake kuti akakhale kumudzi ndi kudwazika amai ake.

Mpongozi ameneyu anakulira ku Matero mu Lusaka, kumene amai ake anali kugulitsa zakumwa zoumitsa za m'timapulasitiki zimene ana a sukulu azikonda. Conco firiji anali kuidziwa kuyambira ali mwana. Tsiku limene katunduyo anafika, Ahedi anafuna kuilumikiza ku magetsi nthawi yomweyo. Mpongoziyo, potsata mwambo wakuti mkazi salankhula maso ndi maso ndi apongozi ake aamuna, anagwada pafupi ndi apongozi ake aakazi nawanong'oneza kuti firiji imene yayenda cogona m'galimoto iyenera kuimikidwa ndi kusiyidwa kufikira mawa, kuti mafuta a m'injini yake abwerere pa malo pake. Ahedi anabvomera monyinyirika. M'mawa mwake injini inayamba kulira bwino-bwino, ndipo pofika madzulo m'kati munali mozizira ngati m'mawa wa mu Juni.

Kuti munthu amvetse colakwa ca Ahedi, ayenera kudziwa cimene iwo anaona ali mnyamata. Pa mishoni imene anaphunzirako panali firiji ya palafini. Inalibe injini, koma inali ndi kanyali pansi pake, ndipo inali kufuna kuti cingwe ca nyaliyo cizidulidwa molingana kuti moto uyake wobiriwira, wopanda utsi. Moto ukakhala wacikasu, firiji inali kufooka. Kuti tizidutswa tocepa ta madzi oundana, amene ambiri awachula kuti aisi, tipezeke m'mawa, panafunika usiku wathunthu ndi munthu wosamala. Kuyambira pamenepo Ahedi anasunga mumtima mwao ganizo lakuti aisi ndiye cipatso ca firiji, ndi kuti firiji ya aisi wambiri ndiyo yamphamvu.

Mwezi wa Okutobala unafika ndi dzuwa lake loswa mtengo. Nyumba ya Ahedi inasanduka ngati citsime. Adzukulu, anansi ndi anthu odutsa anali kubwera kudzapempha madzi ozizira, ndipo Ahedi, pokhala munthu wopatsa, sanali kukaniza munthu. Citseko cinali kutsegulidwa kosawerengeka pa tsiku. Ana ena anali kuimirira patsogolo pake citseko ciri cotsegula kuti amve kamphepo kozizira kumaso. Madzulo, miphika ya ndiwo zotsala inali kulowetsedwa ikali kufuka nthunzi, yosabvundikira, pamodzi ndi zidebe za thobwa. Mvula itayamba mu Novembala, mpweya wa m'nyumba unadzala ndi cinyezi, ndipo aisi wa pa kacipinda kapamwamba anayamba kukula msanga. Poyamba anali wopyapyala ngati pepala, pambuyo pake ngati cala, ndipo pofika mu Januwale anali wocindikala ngati cikhatho ca munthu wamkulu. Kacitseko ka m'kati kanaleka kutsekeka.

Ahedi anakondwera kwambiri. Mlendo ali yense wofika pakhomo anali kumtengera ku firiji, natsegula citseko, nanena kuti, "Onani mphamvu yake. Ya ku mishoni ija sinali kufikako apa." Alendo anali kugwedeza mitu ndi kuyamika. Koma akulu anati cikome-kome ca mkuyu, m'kati muli nyerere.

Mpongozi uja anapitanso kwa apongozi ake aakazi. "Amai," iye anati, "muwauze atate kuti aisi uyu ndi matenda. Firiji ifunika kuzimitsidwa tsiku limodzi kuti asungunuke yense." Amaiwo anapereka uthengawo usiku, koma Ahedi anaseka nati, "Amake mwana, kodi munaona kuti munthu wozimitsa moto cifukwa cakuti ukuyaka bwino? Ana a m'tauni aganiza kuti adziwa zonse." Nkhani inathera pomwepo.

Sipanapite masabata ambiri, zizindikiro zinayamba kuoneka. Mkaka woikidwa madzulo unali kupezeka utasasa m'mawa. Nyemba zophika zinali kucita thobvu tsiku laciwiri. Injini, imene kale inali kulira kanthawi ndi kupumula, tsopano inali kulira usana ndi usiku, ndipo mayuniti a magetsi amene anali kukwana mwezi anali kutha mwezi usanathe. Ahedi anatembenuza kagudumu ka manambala ka m'kati kufika pa nambala yotsiriza, poganiza kuti firiji ifuna kukakamizidwa. Aisi anaonjezeka, koma pansi panakhalabe pofunda. Posowa cifukwa cina, mkuluyo anayamba kuloza cala mpongozi wake. Ananena pa maso pa anthu kuti mkaziyo ndiye anali kuzimitsa firiji mobisa usiku kuti mau ake aoneke oona. Mpongoziyo anamva, nalira kuseri kwa nkhokwe, koma sanayankhe kanthu. Analembera mwamuna wake uthenga wakuti mvula ikatha afuna kubwerera ku Kitwe.

Tsiku lina Ahedi anakhudza timabotolo ta insulini napeza kuti sitinali tozizira monga kale. Pofuna kuteteza mankhwala a akazi ao, anaticotsa pa thandala lapakati natikankhira m'kacipinda kapamwamba, pakati pa aisi peni-peni. Sanauze munthu. Botolo limene amaiwo anali kugwiritsa nchito litatha, Ahedi anatenga lina pa aja a mu aisi, nalifunditsa m'manja mwao kufikira litasungunuka, nalipereka.

Patapita masiku owerengeka, amai aja anayamba kumva ludzu losatha. Usiku anali kutuluka panja kawiri-kawiri kukataya madzi, thupi linalefuka, ndipo maso anali kuona mwa cimbuuzi. Mpongozi ndiye anaumirira kuti awakweze pa ngolo kupita ku kiliniki, ndipo ananyamula mankhwala onse m'kathumba. Anasi atapima magazi anapeza kuti shuga wakwera koopsa. Anafunsa za cakudya, anafunsa za nthawi ya nyeleti, ndipo zonse zinali m'malo mwake. Pomariza anafunsa kumene mankhwalawo anali kusungidwa. Ahedi anayankha monyadira kuti anali pa malo ozizira koposa onse m'nyumba.

"Atate," anatero anasiwo, "insulini ikaundana yafa. Ngakhale isungunuke ndi kuoneka bwino, mphamvu yake siibwerera. Amai awa masiku onsewa akhala ngati munthu wosalandira mankhwala okwanira. Mukadacedwa, tikadanena zina." Timabotolo tonse tinatayidwa. Anasi anapereka ena atsopano, nalangiza kuti kufikira firiji itakhala bwino, mankhwalawo aikidwe m'kacitini kotseka bwino, ndipo kacitiniko kakhale mu mtsuko wadothi wokhala ndi mcenga wonyowa, pa mthunzi m'nyumba.

Ahedi anabwerera kunyumba ali cete. Manyazi ao anasanduka mkwiyo, ndipo mkwiyowo unagwera pa aisi amene anali kumtamanda dzulo lake. Madzulo omwewo anatenga mpeni wosendera nyama nayamba kugogoda. Zidutswa zikulu-zikulu zinagwa pansi, ndipo mtima wao unayamba kutsika. Anafika pa aisi wouma wa pa ngodya, naika nsonga ya mpeni, namenya cigwiriro ndi cikhatho. Pomwepo panamveka kaphokoso ngati ka njinga yoboola tayala, ndipo kampweya koyera kanatuluka.

Mpongozi anali pa khonde akukoleza mbaula. Atamva kaphokosoko anaiwala mwambo wonse. Analowa m'nyumba mothamanga napfuula kuti, "Atate, lekani! Tulukani panja!" Anathamangira pa bokosi la mita nazimitsa magetsi a nyumba yonse, natsegula mazenera ndi zitseko, nakaniza mdzukulu amene anali kubwera ndi kandulo. Mbaula anaisunthira kutali pa bwalo. Ahedi anaimirira panja, mpeni uli m'manja, osadziwa conena.

Patapita masiku atatu kunabwera mmisiri wa mafiriji wocokera ku Chipata. Atatsika pa njinga yamoto anabvula cipewa nawomba m'manja, ndipo Ahedi anamzindikira. Anali mmodzi wa ana amene anawaphunzitsa, mnyamata amene masamu anali kumbvuta ndipo anali kukhala pa benci lakumbuyo. Mmisiriyo anayang'ana kaboo kaja, kocepa ngati diso la singano, nafunsa kuti anazimitsa magetsi ndani. Atauzidwa, anati, "Ahedi, ameneyo ndiye wakupulumutsirani firiji. Injini ikadapitiriza kuyenda, ikadakoka madzi kulowa m'mapaipi, ndipo bwenzi tikunena zogula ina." Anawaonetsanso kapepala komatidwa pa firijiyo kolembedwa kuti R600a, nawauza kuti gasi wa mtundu umenewo, amene ali m'mafiriji ambiri atsopano, ayaka moto akakumana ndi lawi. Ngakhale ali wocepa m'firiji imodzi, sayenera kuseweretsedwa pafupi ndi kandulo kapena mbaula.

Ahedi anafunsa funso limene linali kuwasautsa. Zitheka bwanji kuti firiji yodzala ndi aisi ilephere kuziziritsa mkaka? Mmisiri anamwetulira nati, "Yankho lake munatiphunzitsa ndinu, tsiku lija munabwera m'kalasi ndi citini ca madzi ozizira, ndi kutifunsa kumene timadontho ta kunja kwake tacokera." Mkuluyo anakumbukira. Timadontho timeneto ticokera mu mpweya, monga mame a m'mawa pa udzu. Pamenepo anaona yekha kuti aisi yense uja sanali kupangidwa ndi mphamvu ya firiji iai. Anali madzi a mu mpweya wa m'nyumba, olowa nthawi iri yonse citseko cikatsegulidwa, ndi nthunzi ya m'miphika yosabvundikira. Madziwo akakhudza citsulo cozizira aundana pomwepo, ndipo m'nyengo ya mvula, pamene mpweya uli ndi cinyezi cambiri, aundana oculuka.

Mmisiriyo analongosola kuti nchito ya firiji ndi kucotsa kutentha m'kati ndi kukutaya kunja. M'makoma a kacipinda ka citsulo muli tinjira tating'ono moyenda gasi. Gasiyo atenga kutentha kwa cakudya, injini imkankhira ku mapaipi akuda a kumbuyo, ndipo kumeneko kutenthako kutuluka. N'cifukwa cake kumbuyo kwa firiji yamoyo kumveka kofunda. Tsono aisi akakuta citsulo cija, akhala ngati bulangeti. Kutentha kwa pansi sikufika pa citsulo msanga, mkaka ukhala wofunda, ndipo injini ilira kosalekeza ndi kudya mayuniti. Kutembenuza kagudumu kufika pa nambala yaikulu kungoonjeza bulangetilo. Ndipo tinjira ta gasi tija tiri pansi pa citsulo copyapyala kwambiri, cimene nsonga ya mpeni iboola mosabvuta.

Asanagwire zipangizo zake, mmisiri anayendera firiji yonse pamodzi ndi Ahedi, monga dokotala apima wodwala. Anatenga pepala la m'kope, nalipana ndi citseko, nalikoka. M'mbali zina pepala linagwira, koma pa ngodya ya pansi linasololoka lopanda cobvuta. Labala wa m'mphepete mwa citseko, amene ali ndi maginito m'kati mwake, anali atapindika pamenepo ndipo anali womata ndi thobwa louma. Pa mpata umenewo mpweya wofunda unali kulowa usana ndi usiku, ngakhale anthu onse ali m'tulo. Ananena kuti njira ina yopimira ndiyo kuika tochi yoyaka m'kati usiku ndi kutseka. Pamene kuwala kutulukira ndi pamene pali mpata. Labala wakuda atsukidwa ndi madzi ofunda ndi sopo pang'ono, wopindika kawiri-kawiri abwerera akafunditsidwa ndi nsalu ya madzi otentha, koma wong'ambika afunika kugula wina.

Anapezanso kuti firijiyo inapendekera kutsogolo cifukwa simenti ya pansi sinali yolingana, kotero kuti citseko cinali kufuna kutseguka cokha. Anapotokola timiyendo takutsogolo kuti tikwere pang'ono, ndipo citseko cinayamba kubwerera cokha. Kumbuyo, firiji inali yogundana ndi khoma, mapaipi akuda anali odzala ndi pfumbi ndi ndodo za akangaude, ndipo nsalu yokongoletsa ya pamwamba inali kulendewera kumbuyoko ndi kuchinga mphepo. Anawauza kuti pakati pa firiji ndi khoma pasiyidwe mpata wolowa cikhatho, kuti pfumbi lizicotsedwa ndi kaburashi kofewa magetsi atazimitsidwa, ndi kuti firiji isakhale pa zenera lolowa dzuwa kapena pafupi ndi pophikira.

Anthu a m'mudzi anali atasonkhana pa khonde, ndipo mwini kantini wina anafunsa za firiji yake ya zitseko ziwiri, ya mtundu umene usungunula wokha. Kumwamba inali kuumitsa, koma kunsi kunali kofunda, ngakhale aisi sanali kuoneka. Mmisiri anayankha kuti m'mafiriji otere mapaipi ozizira abisika kuseri kwa cikhoma ca m'kati. Kuli kafani kokankhira mphepo yozizira kunsi, ndi kawaya kotentha kamene kayaka nthawi ndi nthawi kusungunula aisi. Kawayako, kapena kacipangizo kokayatsa, kakafa, aisi atseka njira ya mphepo mobisika, ndipo nthawi zina kafani kamveka kakugunda. Mwini wake angazimitse firiji tsiku lathunthu zitseko ziri zotsegula. Ikayamba bwino koma bvuto ndi kubweranso patapita sabata imodzi kapena ziwiri, ndiye kuti pali cipangizo cakufa ndipo pafunika mmisiri. Madzi akamasonkhana pansi pa thireyi ya ndiwo zamasamba, ndiye kuti kaboo kotayira madzi katsekeka ndi zinyenyeswa, ndipo kafunika kutsegulidwa ndi madzi ofunda.

Anawacenjezanso za anthu oyenda-yenda amene, asanapime kanthu, angonena kuti gasi watha. Firiji siidya gasi monga nyali idya palafini. Gasi azungulira m'mapaipi otsekeka, ndipo akacepa ndiye kuti pali pamene akudonthera. Kuthira wina popanda kutseka pamenepo kuli ngati kutungira madzi mu mtsuko wosweka. Zizindikiro zake ndi izi: injini ilira koma mapaipi a kumbuyo safunda, ndipo aisi agwira pa ngodya imodzi yokha ya citsulo. Injini ikamangoti "kha" ndi kukhala cete, bvuto kawiri-kawiri likhala pa kacipangizo koyambitsa injini kapena pa kucepa mphamvu kwa magetsi.

Nchito yokonza inatenga tsiku lonse. Mmisiri anamata kaboo kaja, nasintha kasefa kogwira cinyezi, nakoka mpweya wonse m'mapaipi ndi pampu, nathira gasi watsopano woyezedwa pa sikelo. Sanabise kuti cigamba cotere nthawi zina sicikhalitsa. Kuti alipire zonsezi, Ahedi anagulitsa mbuzi ziwiri zimene anali kusungira fetereza wa caka cotsatira.

Mmisiri atapita, panatsala nchito ina imene sakadaigwira munthu wina. Usiku umenewo Ahedi anakhala nthawi yaitali pa mpando wao. M'mawa anagwira tambala woyera napatsa akazi ao, nati, "Amake mwana, kaperekeni kwa apongozi anga. Muwauze kuti ndinawanenera zabodza pa maso pa anthu, ndipo pa maso pa anthu omwewo ndidzabweza mau anga." Pa Sabata, anthu atatuluka m'chalichi, mkuluyo anaimirira pansi pa mtengo wa mango nanena poyera kuti wolakwa pa nkhani ya firiji anali iwo, ndi kuti mpongozi wao ananena zoona kuyambira paciyambi. Ananenanso kuti safunsa anadya phula. Mpongoziyo anagwada patali nawomba m'manja. Mvula itatha sanabwerere ku Kitwe, kufikira apongozi ake aakazi atapeza mphamvu.

Kuyambira nthawi imeneyo, Ahedi anamangirira pensulo pa cingwe m'mbali mwa firiji. Aisi akafika pa kunenepa kwa pensuloyo, tsiku losungunula lakwana. Asankha tsiku limene m'firiji muli zinthu zocepa. Azula pulagi, aika cakudya m'beseni ndi kucifunditsa bulangeti, ayala masaka pansi, ndi kusiya zitseko zotsegula. M'kacipinda kapamwamba aikamo mbale ya madzi otentha, ndipo ikazizira abweretsa ina. Aisi ayamba kudontha, kenaka agwa yekha m'mapale-mapale. Cidutswa cimene calekana kale ndi citsulo acikankha pang'ono ndi mthiko, koma citsulo ciri conse cakuthwa sicifika pafupi. Pomariza apukuta m'kati monse kufikira mutauma, pakuti madzi otsala ndiwo mbeu ya aisi watsopano, ndipo ayembekeza firiji izizire asanabwezemo cakudya. Nchito yonseyi itenga maola angapo, ndipo yambiri mwa iyo ndi kukhala pansi ndi kudikira. Adzukulu akatopa, ambuye ao awauza kuti kuona maso a nkhono n'kudekha.

Malamulo enanso anakhazikika pakhomopo. Ndiwo ziyamba zazizira, ndipo zilowa zobvundikira. Madzi a anthu opempha atulutsidwa m'mawa ndi masana m'cigubu cimodzi cacikulu, m'malo motsegula citseko kwa munthu ali yense. Kagudumu ka manambala kakhala pakati. Insulini ikhala pa thandala lapakati, m'kabokosi kake, kutali ndi kacipinda ka aisi ndi khoma la kumbuyo.

Maphunziro amenewa anaoneka phindu lake m'caka ca 2024, pamene cilala cinakantha dziko la Zambia. Mu Febuluwale caka cimeneco Mtsogoleri wa dziko, a Hakainde Hichilema, analengeza kuti cilalaco ndi tsoka la dziko lonse. Madzi a m'nyanja ya Kariba, kumene kucokera mbali yaikulu ya magetsi a dziko lino, anatsika kwambiri, ndipo miyezi ina magetsi anali kusowa pafupi-fupi tsiku lonse. M'nyumba zambiri aisi anali kusungunuka masana ndi kuundananso usiku, nasanduka mwala wouma, ndipo nyama inali kuonongeka eni ake osadziwa. Ahedi anaika mabotolo a madzi m'kacipinda kapamwamba, osawadzaza kufika pakamwa cifukwa madzi afufuma akaundana. Magetsi akapita anali kutsitsira mabotolowo pa thandala la cakudya ndi kuletsa munthu ali yense kutsegula, podziwa kuti firiji yotseka isunga kuzizira kwake pafupi-fupi maola 4 okha. Anali kuzula pulagi, ndipo magetsi akabwera anali kudikira mphindi zingapo asanaibwezere, kuti injini isayambe pa mphamvu yosakhazikika. Nyama analeka kuisunga yaiwisi, nabwerera ku njira ya makolo yoiwamba ndi kuiyanika. Pamene magetsi anacepa kotheratu, anapita kukafunsa anasi, ndipo insulini inabwerera mu mtsuko wa mcenga wonyowa.

Cigamba ca mmisiri cija cikali cogwira, ndipo akazi a Ahedi ayenda okha kupita ku dimba. Anansi amene agula mafiriji abwera kudzafunsa nzeru kwa mkuluyo, ndipo iwo ayamba ndi kutsegula citseko ca firiji yao kanthawi kocepa, kuonetsa citsulo coyera cokhala ndi aisi wopyapyala ngati ufa wowazidwa, ndi kutseka msanga. Funso likakhala lobvuta, atumiza mdzukulu kukaimbira foni ku Kitwe kuti akafunse apongozi ao. Mpeni uja ukali pakhomopo, ndipo ukhala m'khichini pamodzi ndi mipeni inzake.